Kasowo ka scroll saw kakamangothyoka, yang'anani pamene kathyokera

M'kashedi kanga kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, chigawo cha Tete ku Mozambique, muli chitini chakale cha mkaka chimene ndimaponyamo timasowo tonse tothyoka ta scroll saw, makina amagetsi a patebulo odulira zithunzi ndi zilembo m'thabwa. Ndinayamba kutisunga chifukwa cha kuwawa kwa mtima basi. Timasowo ta scroll saw si misomali yoti ungoyenda pang'ono n'kukagula pamsika. Paketi imodzi imakhala ndi timasowo 12, ndipo kuti ifike m'manja mwako umachita kutuma munthu wopita mumzinda wa Tete, kapena wodutsa pa Calomue kulowera ku Dedza mpaka ku Lilongwe, mwinanso kudikira m'bale wochokera ku Johannesburg. Ndiye tangoganizani, Loweruka lina ndinathyola tisanu dzuwa lisanafike paliwombo.

Makinawa ndinagula kuti ndizipumitsa maganizo ndikaweruka kuntchito. Kukhala pansi, kutsata mzere wa pensulo pang'onopang'ono, kuona mbalame kapena dzina la mwana likutuluka m'thabwa, zimandichotsa kutopa kuposa china chilichonse. Koma kasowo kakathyoka kamalira kuti "thwa!", mkono wa makina n'kuyamba kugogoda, mtima n'kudumpha. Zikachitika katatu motsatizana, mpumulo uja wasanduka nkhawa: umadula mapewa ali m'mwamba, kudikira kuti kathyoka liti. Alipo anzanga amene anafunditsa makina awo nsalu n'kuwasiya pakona pa chifukwa chimenechi, ndipo zimandimvetsa chisoni poti vutoli lili ndi mankhwala.

Tiyambe tamvana chinthu chimodzi. Kasowo ka scroll saw ndi kachitsulo kotalika pafupifupi mamilimita 130, ndipo tina n'towonda osakwana milimita imodzi m'lifupi. Kamakwera ndi kutsika maulendo oyambira pa 400 kapena 500 mpaka cha m'ma 1,600 pa mphindi imodzi, malinga ndi makina ake. Chinthu chotere sichingakhale mpaka kalekale. Kakadula bwino kwa theka la ola m'thabwa lolimba kenako n'kuthyoka, kagwira ntchito yake, palibe mlandu. Chimene ndikunena pano ndi kasowo katsopano kamene kakuthyoka pasanathe mphindi zisanu, mwaikamo kena, nakonso chimodzimodzi.

Zikatero musathamangire kuika kachitatu. Zimitsani makina, tolani zidutswa ziwiri zija, muziike papepala loyera pamalo owala. Muone pamene kathyokera, muone mtundu wa chitsulo pamalopo, muonenso nsonga ziwiri zimene zinali m'zopanira, zitsulo zogwira kasowo pamwamba ndi pansi. Chitini chija chinandiphunzitsa kuti timasowo tothyoka pa chifukwa chimodzi timafanana kathyokedwe.

Kathyokera pafupi ndi chopanira

Ngati chidutswa chimodzi n'chachifupi kwambiri, kasowo kathyokera m'mphepete mwa chopanira cha pamwamba kapena cha pansi, ndipo thabwa lilibe mlandu. Pa makina ambiri ogwiritsa timasowo topanda kapini (kachitsulo kopingasa kunsonga kokolera kasowo), kasowo kamafinyidwa pakati pa masikuluu awiri: ina imene mumapotokola ndi zala, ina yaing'ono ya mbali inayo imene imangokhala phee. Yaing'onoyo ikabwerera m'mbuyo chifukwa cha kunjenjemera kwa makina, inzake imakankhira nsonga ya kasowo m'kadzenje kamene katsala, nsonga n'kupindika ngati ngowe. Chitsulo chopindidwa chotere chimathyokera pomwepo. Tengani kiyi wa Allen, mubwezere sikuluu yaing'onoyo mpaka nsonga yake itulukire pang'ono mumpata, kuti kasowo kaziima pakati. Muchite zimenezi pamwamba ndi pansi pomwe, chifukwa zopanira ziwirizo zikapanda kuyang'anizana kasowo kamayenda kopendekeka.

Nthawi zambiri chiyambi cha zonsezi ndi mafuta. Timasowo timachoka ku fakitale titapakidwa timafuta toletsa dzimbiri. Timafutato tikafika pa nsonga za masikuluu, kasowo kamayamba kupulumuka. Munthu ukaona kakupulumuka umamanga kwambiri, mawa umatenga pulayala, mkuja mizere ya sikuluu yatha kapena chopanira chayasama. Kupeza chopanira china kuno ndi ulendo wautali kuposa wa timasowo. Choncho musanaike kasowo katsopano, pukutani nsonga zake ziwiri ndi kansalu konyowetsa sipiriti, kenako muzikhule kawiri katatu pa sandipepa. Masikuluuwo muwachotse, mukhule nsonga zake pa sandipepa wosalala woyalidwa pagalasi kapena pathabwa lopala bwino, mpaka zikhale zafulati. Mukatero mphamvu ya zala imakwana. Pulayala asayandikirenso pamenepo.

Kasowo kamene sikanathyoke koma kangovuka m'chopanira, kenako n'kupindika, vuto lake ndi lomweli.

Amene makina anu amagwiritsa timasowo ta kapini, gwadani muunike pansi pa tebulo ndi tochi ya foni. Kapini ka pansi kamatha kukola m'mphepete osalowa bwino m'malo mwake, ndipo pamwamba zonse zimaoneka ngati zili bwino.

Kathyokera pakati, chitsulo chasintha mtundu

Apa m'pamene ambiri a ife kuno ku Tete timagwera. Chitsulo chikaoneka chabuluu, chofiirira kapena chakuda pamene chathyokerapo, kasowo kapsa. Muyang'anenso m'mbali mwa thabwa mmene mwadulamo, mupeza mabala akuda, ndipo mphuno inali itakuuzani kale.

Mnzanga wina wa ku Moatize anandiimbira foni atatopa nazo. "Achimwene, kuno n'kotentha, timasowo sitingalimbe ngati kwanu kumapiriko." Zoona, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kumadutsa madigiri 40, ndipo kumalefula munthu ndi mota yomwe. Koma chitsulo chimasanduka chabuluu chikafika cha m'ma madigiri 300. Dzuwa silingachite zimenezo m'kashedi. Moto umenewo ukuchokera m'kanjira kamene kasowo kakudula: utuchi ukalephera kutuluka umadzaza pakati pa mano, mano amasiya kudula n'kuyamba kukhula, ndipo kukhulako n'kumene kumabala moto. Chitsulo chikapsa chimataya kulimba kwake, mano amabuntha msanga, inu mumakankha kwambiri, basi kathyoka.

Ndinamufunsa chimene ankadula. Anati tsanya wochindikala masentimita awiri, ndi kasowo ka nambala 3, makina atawatsegula liwiro lonse. Pamenepo nkhani inali itatha.

Mitengo yathu si yofanana ndi imene timaona anthu akunja akudula pa YouTube. Ambiri a iwo amadula pulayiwudi wopyapyala kapena matabwa ofewerapo. Ife tili ndi tsanya, mtengo wolemera moti chidutswa chake chimamira m'madzi. Tili ndi phingo, amene ogulitsa amati pau-preto, wolemera kuposa tsanyayo. Chanfuta nayenso ndi wolimba. Mlombwa, umene m'malo ochekera matabwa amati umbila, ndiwo ndimaukonda pa ntchito imeneyi: umadulika mwaulemu, mtundu wake ndi wokongola, ndipo ukauma suvuta kupindika. Amene mwangoyamba kumene, yambirani pa mlombwa, malaina kapena paini. Tsanya ndi phingo muwasiye kaye mpaka manja atazolowera, ndipo ngakhale pamenepo muziwadula opyapyala. Paini naye ali ndi khalidwe lake: ndi wofewa koma utomoni wake umamata m'mano, ndiye muziima n'kupukuta kasowo ndi kaburashi kakale ka m'mano.

Nambala ya kasowo ndi yofunika kuimvetsa. Nambala yaing'ono, monga 2/0, 1 kapena 2, ndi kasowo kowonda ka mano ang'onoang'ono ambiri, koyenera pulayiwudi kapena thabwa la mamilimita 3 mpaka 6. Nambala ikamakwera kasowo kamanenepa, mano amakula n'kutalikirana. Nambala 5 ndi imene ndimagwiritsa kwambiri, pa mlombwa kapena paini wa mamilimita 12 mpaka 19. Thabwa lolimba lofika mamilimita 20 kapena 25 limafuna 7 kapena 9. Potuma munthu, mumulembere papepala nambala ndi mtundu wake, ndipo mumuuze ngati mukufuna ta kapini kapena topanda kapini, chifukwa m'sitolo akangonena kuti lâmina (kasowo m'Chipwitikizi) akhoza kumupatsa za makina ena. Pa mitengo yathuyi funani timene palembedwa kuti skip tooth. Timeneti timakhala ndi mpata waukulu pakati pa dzino ndi dzino, ndipo mpatawo ndi umene umatulutsa utuchi.

Liwiro lichepetseni. Pa thabwa lolimba, kuika pakatikati kapena kutsikirapo pang'ono kumathandiza kuposa kutsegula lonse. Chinanso chotsika mtengo ndi selotepi yaikulu yoonekera, ija yomatira makatoni. Mukaimata pamwamba ndi pansi pa thabwa musanadule, kasowo kamatsetsereka bwino ndipo kupsa kumachepa moonekeratu. Ine sindidula chanfuta popanda selotepi.

Ndipo kasowo kakabuntha, kachotseni kasanathyoke. Ndikudziwa mmene zimawawira kutaya kasowo kamene kakuoneka kathunthu pamene m'paketi mwatsala titatu. Koma mukaona kuti mwayamba kukankha mwamphamvu kuposa mmene munayambira, kapena mzere wayamba kukuthawani, kasowoko katha. Kukakakamiza kumangowononga thabwa limene mwavutika nalo ola lathunthu.

Pali njira ina yotalikitsira moyo wa timasowo imene imathandiza kwambiri ife okhala kutali ndi masitolo. Makinawa amakweza kasowo pafupifupi masentimita awiri okha, ndiye mano amene amagwira ntchito ndi ochepa chabe, a pafupi ndi tebulo. A pamwamba amakhala akadali akuthwa pamene a pansi abuntha. Tengani thabwa lafulati lochindikala mamilimita 18, mulibowole kabowo pakati, mulimange pamwamba pa tebulo la makina ndi zopanira, kasowo kadutse pa kabowoko. Tsopano ntchito yanu yakwera, ndipo mukudulira mano atsopano a kasowo komweko. Zimatheka bwino pa matabwa opyapyala. Muonetsetse kuti chopanira cha pamwamba sichikugunda ntchito yanu chikamatsika.

Kathyokera pakati, chitsulo chili mbee

Chitsulo chikakhala chowala, osapsa, kasowo kathyoka chifukwa chopindidwapindidwa. Choyamba kuona ndi kakungidwe. Ambiri amaopa kukunga poganiza kuti kukungako n'kumene kumathyola, pamene kasowo kolobodoka n'kamene kamathyoka msanga, chifukwa kamawerama ulendo uliwonse kakamatsika. Makina atazima, kakodoleni ndi chala. Kazilira mawu okwera, omveka bwino, ngati waya wowonda wa gitala. Kakalira mogonthera, kungani. Mukakakankha ndi chala chammbali kasasunthe kupitirira mamilimita atatu. Mukadula mphindi imodzi imani mukodolenso, poti katsopano kamakhazikika n'kulobodoka pang'ono.

Chachiwiri chili m'manja mwathu, ndipo n'chovuta kuchiona wekha. Timasowo tambiri timatuluka ku fakitale tili ndi kaukali kochulukirapo mbali ya kumanja kwa mano, choncho sitidula molunjika, timakokera kumanja. Munthu ukaona kasowo kakuchoka pamzere umakankha thabwa chammbali kuti kabwerere. Pamenepo ukukoka kasowo ngati uta. Choyenera ndi kutembenuza thabwa, kuti mzere ubwere kutsogolo kwa mano. Mzere wowongoka umadulidwa thabwa litapendekera pang'ono, ndipo zimenezo si vuto la makina anu. Ena amasunthira mpando wawo kumanja pang'ono kuti maso ndi kanjira ziyang'anizane.

Kuti mudziwe ngati mukukankha chammbali, muli pakati podula fewetsani manja kamphindi, osachotsa zala pathabwa. Thabwa likasuntha lokha kubwerera kumanzere kapena kumanja, ndiye kuti munali mutakakoka kasowo. Ndimachita zimenezi pafupipafupi mpaka lero, makamaka ndikatopa.

Pa ngodya yakuthwa, lekani kukankhira kutsogolo. Kokerani thabwa kwa inu pang'ono kuti litsamire kumsana kwa kasowo kumene kulibe mano, ikani chala chimodzi pafupi ngati pozungulira, ndipo mulitembenuze makina akuyenda. Kumsanako kuli ngodya ziwiri zakuthwa zimene zimakola potembenuka. Mutha kuzifafaniza pogunditsa kamwala konolera kumsana kwa kasowo makina akuyenda pang'onopang'ono, masekondi ochepa mbali iliyonse. Musanatero sesani utuchi wonse, chifukwa pamatuluka timoto.

Thabwa likamadumpha

Nthawi zina kasowo kasanathyoke thabwa limayamba kudumpha n'kumamenya tebulo. Yambani ndi chophweka: mano ayang'ana kuti? Scroll saw imadula potsika, choncho mano ayang'ane kwa inu ndiponso pansi. Pa timasowo tating'ono maso sathandiza. Yendetsani chala mopepuka: chikamatsika chizitsetsereka, chikamakwera chizikola. Timasowo ta reverse tooth tili ndi mano ochepa a pansi oyang'ana m'mwamba kuti kunsi kwa thabwa kusanyotsoke, ndiye timanyamula thabwa pang'ono mwachibadwa. Timafuna kugwira kolimbirapo.

Mano akakhala bwino, liikeni thabwa patebulo, mudinikize ngodya zake imodzi imodzi. Likamagwedera, ndi lopindika, ndipo podula lidzatsina kasowo. Izi zimachitika kwambiri ndi matabwa ogulidwa asanaume. Thabwa lochekedwa kuno kumapiri nthawi ya mvula, n'kulikweza galimoto kupita nalo kotentha ngati ku Moatize, limauma mbali imodzi mofulumira n'kupindika ngati chipande. Matabwa muziumika pamthunzi, mutawasanjika ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, osawayanika padzuwa. Lopindika kale lipaleni ndi pulena kapena mulidule tizidutswa ting'onoting'ono timene tingakhale pansi bwino. Thabwa laliwisi lilinso ndi vuto lina: utuchi wake ndi wonyowa, umamata m'kanjira osatuluka.

Tebulo nalo limapendekeka osadziwa, ndipo muvi wosonyeza madigiri pansi pake si wodalirika. Kasikweya kakang'ono kamathandiza, koma ngakhale mulibe, dulani kanjira kakafupi m'kathabwa kochindikala, muzimitse makina, mukazungulitse kathabwako kupita kuseri osakatembenuza chadodolido, muyese kulowetsa msana wa kasowo m'kanjira komweko. Kakalowa mosavuta, tebulo lili bwino. Kakakana, likonzeni mpaka kalowe.

Matabwa a mapaleti ndi mabokosi akale ndi otsika mtengo, koma amabisa misomali, mawaya ndi mchenga. Mchenga wokhawo umabunthitsa mano pa mphindi zochepa. Apaleni kaye, muwayang'anitsitse. Pulayiwudi naye amadya mano msanga chifukwa cha guluu wa pakati, choncho musadabwe kasowo kakatha mofulumira kuposa pa thabwa wamba.

Dzimbiri ndi makina eni ake

Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyontho cha kuno ku Angónia chimalowa paliponse. Kasowo kowonda chonchi kakangogwidwa dzimbiri pang'ono, pamenepo ndi pothyokera. Ine ndimasunga timasowo m'tizidutswa ta paipi ya pulasitiki totseka mbali zonse, kalikonse nditakalemba nambala yake. Ndikamaliza ntchito ndimamasula chokungira, kuti kasowo ndi mikono ya makina zisagone zili chikungire.

Ngati zonsezi mwaziona koma timasowo tikuthyokabe, tsopano kayikirani makina. Oyendayenda pabenchi amafunika kumangidwa ndi mabawuti pa benchi lolemera. Thumba la mchenga pa shelefu ya pansi limachepetsa kunjenjemera kwambiri. Makina akuyenda, yang'anani kasowo kuchokera kutsogolo. Kazioneka ngati mzere umodzi woonda. Kakamaoneka kotambalala ngati tiwiri, ndiye kuti zopanira sizikuyang'anizana kapena mikono ikugwedera. Zulani pulagi, mugwire mkono wa pamwamba, muugwedeze chammbali. Ukamasewera, mabushi kapena mabering'i adyeka, ndipo ntchito imeneyo mupite nayo kwa mmisiri wodziwa. Madzulo ena mababu akamafooka n'kumaphethira, mota imataya mphamvu, kasowo kamakakamira m'thabwa. Ine ndikaona choncho ndimazimitsa n'kutenga sandipepa, chifukwa magetsi otere akhoza kuwononganso kachipangizo kosinthira liwiro.

Kapaipi kouzira utuchi musakanyoze. Kakasiya kupemerera, mzere umakwiririka, mumawerama n'kumauzira ndi pakamwa, manja amataya njira, ndipo fumbi lonse likulowa m'chifuwa. Fumbi la mitengo yolimba si labwino m'mapapo, valani chotchinga pamphuno nthawi zonse, pamodzi ndi magalasi oteteza maso. Kasowo kakathyoka, kachidutswa kamatha kuuluka.

Timasowo tisanu ta Loweruka lija ndinatiyala patebulo la kukhitchini madzulo ake. Kamodzi kanali kakuda pakati, poti ndinayamba ndi chanfuta wopanda selotepi. Tinayi tinali tothyokera malo amodzi, pafupi ndi nsonga ya pansi, ndipo nsonga zonse zinayi zinali zopindika ngati ngowe. M'mawa mwake nditachoka kutchalitchi ndinagwada ndi tochi, ndinapeza sikuluu yaing'ono ya chopanira cha pansi itabwerera m'kati. Ndinaipotokola kawiri ndi kiyi wa Allen, ndinapukuta kasowo ka nambala 5 ndi sipiriti, ndipo kameneko kokha kanamaliza zilembo zonse za dzina la mdzukulu wanga pa thabwa la mlombwa limene linali likudikira kuyambira dzulo lake.